Chipwitikizi cha Che Swadick

Che Swadick anagwa pakhonde la sitolo pomwe ankasokera zovala kwa Mponda, m'sabata yomaliza ya Ramadhani. Amene anawaona akuti anali akulowetsa ulusi pasingano ya makina, kenako anangopendekera kumanja ngati munthu wofuna kutola batani pansi, osadzukanso. Mwini sitoloyo anawanyamula pagalimoto yake kupita nawo kuchipatala, ndipo kumeneko anagona masiku angapo osadziwa kanthu. Idi inadutsa ali chigonere, dilipi ili pamkono.

Wowadikirira anali mwana wawo wamkazi, Shamima, amene amachita geni ya nsomba zouma. Mayi ake, a Mwanabibi, ali ndi vuto la mawondo ndipo sakanatha kugona pasimenti ya m'wodi, choncho ankangobwera masana n'kubwerera kunyumba. Shamima anasiyira mnzake malo ake kumsika, natenga mphasa, ndowa, mapoto awiri ndi mbaula.

M'mawa wina akupinda chitenje chake, anamva bambo ake akubuula. Atatembenuka anapeza maso awo ali tong'o, akumuyang'ana. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa, pakamwa patapotoka pang'ono, koma maso anali awo omwe aja.

“Ababa, mwadzuka? Ndine Shamima.”

Iwo anayendetsa milomo kwa kanthawi, kenako anati, “Água.”

Shamima anaganiza kuti ndi kubuula chabe. Anawalankhula m'Chiyao, chomwe amalankhulana pakhomo, iwo anangokwinya nkhope ngati munthu amene akumvera wailesi yosagwira bwino. Anayesa Chichewa, zinali chimodzimodzi. Kenako bambo ake anatsegula pakamwa n'kulankhula mawu ambirimbiri, olumikizana bwino, okwera ndi kutsika ngati a munthu amene akudziwa chomwe akunena. Shamima sanatolepo ngakhale limodzi. Mawuwo anali a bambo ake, nkhope inali ya bambo ake, koma zotuluka m'kamwamo sanazimvepo chibadwire.

Dokotala atabwera anamvetsera pang'ono, n'kufunsa ngati mkuluyo anakhalapo ku Mozambiki. Shamima anavomera. Aliyense pakhomo ankadziwa kuti Che Swadick anabadwira tsidya linalo ndipo anabwera kuno nthawi ya nkhondo, asanakwatire. Koma nkhani ya kumeneko sankaikamba, ndipo ngakhale amalonda a ku Mandimba, tsidya lomwelo, akabwera kudzasoketsa mathalauza, ankacheza nawo m'Chiyao basi.

“Chimene akulankhulachi ndi Chipwitikizi,” anatero dokotalayo. “Sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika kuti sitiroko itseke zilankhulo zina n'kusiya chimodzi chotsegula. Zinazo mwina zibwerera, mwina ayi. Chachikulu panopa adye, amwe mankhwala.”

Kudyako ndi kumene kunavuta. Shamima akabwera ndi phala m'mawa, bambo ake ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Masana chimodzimodzi. Madzi omwe ankawakana, mapiritsi osawalandira. Ankangobwereza mawu amodzi omwe kwa iye ankamveka ngati “jejumu”. Kukada ndi pomwe ankalola masupuni awiri kapena atatu, koma pofika nthawi imeneyo amakhala atafooka, akatsamwa pang'ono n'kugona. Thupi linayamba kutha. Mafupa a m'khosi anaonekera, ndipo manesi anayamba kunena zowaika chubu cha m'mphuno.

Tsiku lina Shamima anali kukhitchini ya magadiyani, kuseri kwa mawodi, akuyang'ana phala lomwe linabwerera osakhudzidwa. Pafupi naye panali mayi wina wojintcha, wa imvi za apo ndi apo, amene ankaphika nyemba. Foni ya mayiyo inalira, ndipo atayankha, Shamima anaimika mutu. Mawu ake ankapita ngati a bambo ake aja, kamvekedwe komweko kodutsira m'mphuno. Anadikira mpaka mayiyo atatsitsa foni.

“Pepani amayi, chimenecho ndi Chipwitikizi?”

“Ndi chomwecho, mwanangu. Ndimalankhula ndi mlongo wanga wa ku Cuamba, ku Mozambiki.”

Mayiyo dzina lake anali Lusia. Anabwera kuno ali mtsikana, kuthawa nkhondo yomweyo, n'kukhazikika ku Chiponde komwe amagulitsa matimati ndi anyezi. Kuchipatalako ankadikirira mng'ono wake amene anachitidwa opaleshoni. Shamima anawafotokozera zonse, ndipo atafika pa mawu oti “jejumu”, a Lusia anasiya kutakasa nyemba.

“Ananena kuti jejum? Bambo akowo akufunga, akusala kudya, mwanangu. Anagwa liti?”

Shamima anakhala pansi pa njerwa, manja ali pamutu. Bambo ake anagwa ali pa swaumu, kusala kudya kwa Ramadhani, anadzuka akuganiza kuti akadali pa swaumu, ndipo panalibe munthu amene akanawauza m'mawu omwe akanamva kuti mwezi unaoneka kalekale.

A Lusia anapempha mnzawo kuti awaonere nyemba, nasamba m'manja, n'kutsagana ndi Shamima kuwodi ya amuna. Anaima patali pang'ono ndi bedi, anapinda mawondo mwaulemu, n'kunena kuti, “Bom dia, papá.”

Shamima sadzaiwala zomwe anaona pankhope ya bambo ake. Mbali yamoyo ija inawala yonse. Anayesa kudzuka, nagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lamanzere, ndipo mawu anayamba kutuluka ngati madzi a pampopi womwe unatsekedwa nthawi yaitali. Che Swadick, amene pakhomo ankatha tsiku lonse atangonena mawu owerengeka, amene makasitomala ankawaseka kuti singano yawo ndi yomwe imalankhula, anacheza mpaka odwala a mabedi oyandikana anadzuka kuti aonerere. Pena ankakakamira, lilime likukana, koma ankabwerera n'kupitiriza. A Lusia ankangovomera, maso ali pa iwo.

“Chipwitikizi chawo si changa ayi,” a Lusia anamunong'oneza Shamima. “Changa n'cha mumsika. Ichi n'chakale, cha m'nyumba za azungu. Ndinasiya kuchimva ndili mwana.”

Kenako a Lusia anawauza kuti Ramadhani inatha. Che Swadick anamvetsera, anapukusa mutu, n'kuyankha mofatsa. A Lusia anaseka pang'ono.

“Akuti andikhululukire, koma ndavala kolona m'khosi, ndiye za mwezi wa Asilamu ndingazidziwe bwanji. Akufuna amve kwa wapakhomo pawo. Uwauze ndiwe.”

“Ine? Ndiwauza bwanji?”

“Tiye panja.”

Anaima m'khonde la wodi, pakati pa anthu odutsa ndi mabeseni ndi mafulasiki. A Lusia ananena mawuwo pang'onopang'ono, Shamima akutsatira. “Papá, o jejum acabou.” Ababa, kufunga kunatha. “O Ide já passou.” Idi inadutsa kale. “Pode comer.” Mukhoza kudya. Lilime la Shamima linkaonjezera zilembo kumapeto, “jejumu”, “komeri”, ndipo a Lusia ankamugwira chibwano kuti mawu athere m'mphuno. Anabwereza mpaka mlonda amene anali pakhomo anayamba kunena nawo.

Atabwerera, Shamima anagwada pambali pa bedi. Ananena ziganizo zitatu zija, chimodzi chimodzi, akuyang'ana bambo ake m'maso.

Bambo ake anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anafunsa, “Viram a lua?”

“Akufunsa ngati mwezi unaoneka,” anatero a Lusia. “Unene kuti sim, ndiye kuti inde.”

“Sim, papá.”

Misozi inatsika mbali zonse ziwiri za nkhope, yamoyo ndi yakufa yomwe. Chiyambire unyamata wawo anali asanaphonyepo swala, pemphero la Idi. Shamima anawapukuta ndi nsonga ya chitenje n'kudikira. Patapita kanthawi, bambo ake anapumira m'mwamba nati, “Então, tenho fome.”

“Akuti ndiye ali ndi njala,” anatero a Lusia, nawonso akupukuta m'maso.

Shamima anathamanga kukatenthetsa phala lija. Atawapatsa supuni kudzanja lamanzere, iwo anaikankha. “Com a esquerda, não.” Apa sanafunike womasulira. Bambo ake sakanadya ndi dzanja lamanzere ngakhale atadwala chotani. Anawadyetsa yekha, ndipo asanalandire supuni yoyamba ananena Bisimillah momveka bwino, monga ankanenera masiku onse. Mawu amenewo sitiroko sinawakhudze.

Kuyambira tsiku limenelo, khitchini ya magadiyani inasanduka sukulu. A Lusia sankakonda zokhala pansi n'kuphunzitsa. Ankangotola chomwe chili pafupi n'kuchitchula. Anyezi ndi cebola, mchere ndi sal, nsomba ndi peixe, mpunga ndi arroz. Akamaliza kutchula ankamufunsa Shamima funso n'kumukakamiza kuyankha, utsi uli m'maso.

“Tem fome?”

“Tenho fome.”

“Tem sede?”

“Sede n'chiyaninso?”

“Ludzu. Kwa Apwitikizi njala ndi ludzu munthu amakhala nazo ngati katundu. Ndipo kwa bambo ako usamanene kuti tu, ngati ukulankhula ndi mwana. Uziti o papá quer comer, kodi ababa akufuna kudya? Ulemu wake ndi umenewo.”

Chakudya cha m'mawa anamuuza kuti m'mabuku amati pequeno-almoço, koma ku Mozambiki aliyense amati matabicho, kutanthauza kupha kachilombo kamene kamakuluma m'mimba ukadzuka. Cha masana ndi almoço, cha madzulo ndi jantar. Shamima ankajambula mawu a a Lusia pafoni n'kumawamvera akutsuka mbale. Amayi ena a m'khitchinimo anayamba kutengera, moti wina akapsereza ndiwo anzake ankamufunsa, “Está bom?” kuti zili bwino, onse n'kufa nazo nseko.

Kuwodi, Shamima ankayesa zomwe waphunzira. “Está quente, papá. Devagar.” Kwatentha, pang'onopang'ono. “Mais um pouco?” Ndiwonjezere pang'ono? Bambo ake akakhuta ankakweza chala n'kuti, “Chega,” basi zakwana. Shamima akalakwitsa ankamukonza, ndipo ankamukonza mosanyengerera, kubwereza liwulo mpaka alitchule bwino. Shamima ankadabwa kuti munthu amene anamulera, amene ankamudziwa mpaka kakhosomole kake, anali ndi nyumba yonse m'mutu mwake yomwe iye sanalowemo.

Mng'ono wa a Lusia anatulutsidwa poyamba. Potsanzikana, a Lusia anamupatsa Shamima anyezi omwe anawatsalira n'kumuuza kuti akamva liwu lachilendo azingolijambula n'kuwatumizira pafoni. Pasanapite nthawi Che Swadick nawonso anatulutsidwa, atalangizidwa kuti mchere ausiye ndipo azichita mafizo.

Kunyumba vuto linali kwa a Mwanabibi. Amuna awo ankawazindikira, ankawagwira dzanja, koma akawalankhula sankamva. Tsiku loyamba a Mwanabibi anakamba nawo za denga lomwe likudontha ndi za mbuzi ya aneba yomwe yatha masamba a chinangwa, iwo akungomwetulira ngati mlendo. A Mwanabibi analowa kuchipinda n'kukakhala kumeneko mpaka madzulo.

“Unapita ndi bambo ako kuchipatala, wabwera ndi Mpwitikizi,” anamuuza Shamima. “Ine pa msinkhu uno ndisayambe kupotoza lilime m'nyumba mwanga momwe.”

Komabe kuphika ankaphika okha. Tsiku lina anakonza therere, lofewa bwino kuti wodwala asavutike kumeza. Shamima atabweretsa mbale, bambo ake anaiyang'ana, anayang'ana kukhomo ngati akuona kuti kulibe munthu, n'kunena motsitsa mawu, “Não gosto de quiabo. Nunca gostei.”

Shamima ankadziwa kuti não gosto ndi “sindikonda”. Zinazo anazijambula n'kutumiza ku Chiponde. Yankho linabwera a Lusia akuseka mpaka kutsamwa, kumbuyo kukumveka phokoso la msika. “Quiabo ndi therere, mwanangu. Akuti salikonda, ndipo sanalikondepo chibadwire.”

Shamima anaima pakati pa bwalo foni ili m'manja. Therere linkaphikidwa pakhomopo pafupifupi sabata iliyonse kuyambira iye asanabadwe, ndipo bambo ake ankalidya mwakachetechete, n'kuthokoza. Anaganiza zobisa, koma mayi ake anali atamva kale kuseka kwa pafoni.

“Akuti chiyani mayi wa ku Chipondeyo?”

Shamima anawauza. A Mwanabibi anakhala pa mtondo wovundikira. Nkhuku inadutsa pakati pawo. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo Shamima sanadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka atatukula nkhope.

“Zaka zonsezi munthu akukombeza mbale ndi chala. Ine kumadzuka m'mawa kukasankha lanthete kumsika, kuti ndimusangalatse.” Anapukuta m'maso. “Pita ukamufunse chomwe amakonda. Ndimve lero.”

Funsolo Shamima ankalidziwa kale. Anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake, mayi ake ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

“De que é que o papá gosta?”

Che Swadick anatseka maso kwa nthawi yaitali moti Shamima anaganiza kuti agona. Kenako anati, “Caldeirada.” Atatsegula maso anayamba kuwerenga zophikira chakudyacho pa zala za dzanja lamanzere, ndipo Shamima anapeza kuti ambiri mwa mawuwo akuwamva. Peixe. Batata, ndiyo mbatatesi. Cebola. Tomate. Alho, womwe a Lusia anamuuza kuti ndi adyo. Pimento, tsabola wobiriwira wosawawa uja.

M'mawa mwake Shamima analawirira kudoko kukagula chambo chongovuulidwa kumene, n'kudzera kumsika kukatenga mbatatesi ndi zina zija. Pofika dzuwa la pamutu anali atayatsa mbaula pansi pa mtengo wa mango. Bambo ake analoza kuti awatulutse. Anawakhazika pampando wa pulasitiki, pilo ali kumbali yakufayo, ndipo a Mwanabibi anakhala pamkeka chapatali, akunamizira kusankha mpunga.

Shamima atayamba kudula anyezi tizidutswa ting'onoting'ono monga amachitira nthawi zonse, bambo ake anamenya mkono wa mpando. “Não. Às rodelas.” Anajambula mkombero m'mwamba ndi chala. Ankafuna anyezi wodulidwa mozungulira ngati zibangili. Mbatatesi chimodzimodzi, ndipo anamuonetsa kukula kwake potsegula pang'ono pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Ikachepa ankaibweza, ikakula ankaibweza. Nsomba anamuuza pomwe mpeni udutse, ndipo mutu anati asautaye.

Kenako anayamba kulamula kayalidwe. Mafuta pansi pa poto. “Cebola primeiro.” Anyezi poyamba. Pamwamba pake matimati ndi adyo, kenako mbatatesi, kenako anyezi wina, ndipo nsomba pamwamba penipeni. Shamima atatenga mchere mwachizolowezi anakumbukira n'kuubweza. “Sem sal, papá. O médico disse.” Popanda mchere, adokotala anatero. Bambo ake anakwinya nkhope, anaganiza pang'ono, nati, “Limão, então.” Ndiye pakhale ndimu. Madzi analola kakapu kamodzi kokha, n'kulamula kuti avundikire ndi kuchepetsa makala.

Fungo litayamba kutuluka, a Mwanabibi analephera kupirira. Anadzuka ndi mawondo awo ovutawo, natenga chikombe cha mtengo n'kuvundukula poto.

“Não mexe!” anakuwa Che Swadick, mawu omwe anamveka mpaka kumsewu.

A Mwanabibi anaima chikombe chili m'mwamba. M'banja lawo lonse amuna awo anali asanawakwezerepo mawu.

“Akuti musatakase, amama.”

“Ndiye zipserere?”

Che Swadick anatambasula dzanja lamanzere n'kulizunguza uku ndi uku, kusonyeza kuti poto agwidwe m'makutu n'kugwedezedwa pang'ono, zam'kati zisaphwanyike. A Mwanabibi anayang'ana amuna awo, anayang'ana poto, kenako anatenga nsalu n'kugwedeza monga anauzidwira. “Assim,” anatero Che Swadick mofatsa, kuti choncho kumene, akugwedeza mutu.

Sanafunse nthawi, sanapemphe kuti aone m'kati. Anakhala maso ali chitsekere, mphuno ikugwira ntchito, ndipo pa nthawi yomwe iwo okha anaidziwa anati, “Já está.” Zapsa. Shamima atavundukula anapeza mbatatesi zafewa koma zili zathunthu, nsomba yosaphwanyika, msuzi wofiirira utakwera wokha kuchokera m'matimati ndi anyezi. Anaima akuyang'ana m'potomo. Munthu ameneyu, m'moyo wake wonse, Shamima anali asanamuonepo atagwira ngakhale ketulo.

Anawaphwanyira mbatatesi mumsuzi, nachotsa minga yonse, n'kuwadyetsa. Iwo anasunga supuni yoyamba m'kamwa kwa nthawi yaitali asanameze. A Mwanabibi analawa, analawanso, kenako anadzigawira mbale yodzaza n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a amuna awo. Che Swadick anamaliza mbale yawo napempha ina.

Chakumasana komweko Shamima anaimbira a Lusia n'kuika foni pa sipika, pamwendo pa bambo ake. Ankafuna adziwe komwe luso la kuphikali linachokera. Che Swadick analankhula pang'onopang'ono, a Lusia akumasulira chiganizo ndi chiganizo.

Ali mwana wosakwana zaka khumi, malume awo anawatenga kumudzi n'kukawasiya ku Lichinga, komwe nthawi imeneyo kunkatchedwa Vila Cabral, kuti azikatsuka mapoto m'nyumba ya Mpwitikizi wina. M'khitchinimo munali khukhi wachikulire dzina lake Jeremiya, Mkhristu wa m'mbali mwa nyanja. Tsiku loyamba, dona wa panyumbapo anawapatsa makombo a nyama, ndipo Jeremiya anawalanda mbaleyo asanadye. Anawatengera kuseri n'kuwaphunzitsa chiganizo chimodzi, nawabwerezetsa mpaka atachigwira, kenako anawatuma kuti akachinene okha kwa dona uja.

Apa Che Swadick anaongola msana pampandopo, nanena momveka ngati mwana wa sukulu, “Não como carne de porco, senhora. Sou muçulmano.”

“Sindidya nyama ya nkhumba, dona. Ndine Msilamu,” anamasulira a Lusia, mawu awo atatsika. “Akuti amenewo ndi mawu oyamba a Chipwitikizi omwe anaphunzira. Akuti Jeremiya ankawasungira poto wawowawo, ndipo nthawi ya Ramadhani ankawabisira chakudya kuti adzadye dzuwa likalowa.”

Anakhala m'khitchinimo mpaka anakula, Jeremiya atakalamba iwo ndi amene ankaphikira nyumba yonse. Azungu atachoka anakaphika kumalo odyera, kenako nkhondo inafika. Atawoloka malire anaona kuti munthu akamveka akulankhula Chipwitikizi ankadziwika msanga kuti ndi wothawa nkhondo, ndipo iwo sankafuna kukakhala kukampu. Anatseka pakamwa, anaphunzira kusoka kwa telala wina wa kwa Mponda, nakwatira. Pomwe zinthu zinkadzakhala bwino, kukhala chete kunali kutasanduka khalidwe lawo.

A Mwanabibi anamvetsera zonse atagwira tsaya. Foni itadulidwa anamukoka Shamima chitenje.

“Kodi pomuitana munthu kuti adzadye amati chiyani?”

“Venha comer.”

“Venya komeri.”

“Mwatsala pang'ono, amama.”

“Zakwana choncho. Akamva.”

Mvula itayamba, Che Swadick anali atayamba kuyenda ndi ndodo kuchokera pakhonde kufika pamtengo wa mango. Dzanja lamanja silinabwerere, ndipo makina osokera anapatsidwa kwa mphwawo. Kuphika kwa pakhomopo kunasintha. Lachisanu akabwera anzawo a kumzikiti kudzawaona, ankapeza Shamima ali pambaula, mkuluyo akulamula pampando, ndipo ankachoka akufunsana kuti telala uja anazidziwira kuti zimenezi. Mayi wina woyandikana nawo, a Ajira, anayamba kubwera ndi kampango wake kuti adzauzidwe kaphikidwe, Shamima akumasulira. Pa nkhani ya chakudya Shamima tsopano ankatha kucheza ndi bambo ake mpaka mbale zitauma. Nkhani ikapita kwina ankasochera, ndipo onse awiri ankangoseka n'kubwerera ku anyezi.

M'mawa wina Shamima anawabweretsera tiyi n'kupita kukaanika usipa pathandala. Ali komweko anamva mawu kuchokera pakhonde.

“Shamima, tiyi wazizira.”

“Desculpe, papá, vou aquecer,” anayankha osaganiza, kuti pepani ndikatenthetsa. Anayenda pang'ono n'kuima. Usipa unamupulumuka m'manja. Bambo ake anali atalankhula Chichewa.

Anathamangira pakhonde, mayi ake nawonso akutuluka m'nyumba ndi tsache m'manja. Che Swadick ankaoneka odabwa kuposa onse. Anayesa kunena china, chinakana. Anayesanso, ndipo linatuluka dzina la akazi awo, kenako mawu awiri a Chiyao ofunsa ngati adzuka bwino. A Mwanabibi anakhala pansi pomwepo, tsache lili pamiyendo, nayankha moni uja ngati kuti ndi m'mawa wamba.

Shamima anakondwa, komabe potenthetsa tiyi uja anamva kamantha kena. Anaopa kuti Chiyao ndi Chichewa zikabwerera, bambo ake adzatsekanso chitseko chija n'kubwerera kukhala munthu wa mawu owerengeka, wodya chilichonse chomwe wapatsidwa. Atabweretsa kapu anagwada, nawafunsa mwadala m'Chipwitikizi chomwe akufuna kudya masana.

Bambo ake anamuyang'ana. Shamima anaona kuti amvetsa chifukwa chomwe wafunsira choncho.

“Arroz de coco,” anayankha. Kenako anatembenukira kwa akazi awo n'kufunafuna mawu mpaka anawapeza. “Mpunga. Wa nazi.”

“Nazi? Kokonatiyo ndiipeza kuti mvula ino?” anatero a Mwanabibi, koma anali atayamba kale kumanga mpango kumutu. Anatuma Shamima kuti akabwereke chokokotera nazi kwa a Ajira, iwo n'kutenga ambulera kulowera kumsika.